Foni Imene Inanjenjemera M'sitima

Adachi, Tokyo
12 Novembala 2023

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu a Byung-ho, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Kuno kwayamba kuzizira. Katundu munatumiza uja anafika. Kimuchi wanuyo, kabichi wowawasa wa tsabola uja, wanunkhitsa nyumba yonse, moti mayi Ogata oyandikana nafewa anabwera kudzafunsa ngati m'khitchini mwafera kanthu. Ndinawagawirako, ndipo dzulo anabweranso ndi mbale yopanda kanthu.

Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pa foni inu simupatsa munthu mpata, pamene zimene ndili nazozi zikufunika kuti mukhale chete mpaka ndimalize.

Mlamu wanu Fumie akadali kuchipatala kuja kophunzitsa odwala kuyendanso. Mwendo ukubwerera pang'onopang'ono, ndipo supuni wayamba kugwira ndi dzanja lamanzere. Mawu ndiwo ayi. Amandiyang'ana, milomo n'kumayenda, koma chotuluka palibe. Dokotala akuti tisataye mtima, koma amanena zimenezi akuyang'ana nsapato zake.

Chikwatiwireni ku Seoul, inu ndi ine sitinasiye kukangana za sitima zoyenda pansi pa nthaka. Inu mumati zanu ndi zotakasuka, mipando imafunda nyengo yozizira, ndipo okalamba amakwera ulere. Ine ndimati zathu sizichedwa, ndipo zikachedwa pang'ono timapepesa ngati tapha munthu. Mwana wanu atabwera kuchokera ku New York n'kutisimbira za makoswe oyenda m'njanji ndi sitima zoima pakati pa njira popanda wofotokoza, tonse tinagwirizana kuti kumeneko n'kosawerengera. Ku Hong Kong ndinavomera kuti n'koyera, ngakhale amathamangitsa anthu ngati mbuzi. Koma nambala wani sindinaipereke kwa wina aliyense. Ndikanaipereka bwanji, munthu woti ndinakalambira pa ukondakitala, magolovesi oyera m'manja, ndikulengeza tsiku ndi tsiku kuti, "Chonde tsekani kulira kwa mafoni anu, ndipo musalankhule pa foni m'sitima muno"? Mawu amenewo ndinkawanena ndi mtima wonse. Bata la m'sitima zathu ndinkaliona ngati langalanga.

Mukukumbukira titabwera kwanuko maluwa akuphukira? Tinakwera tonse atatu, ndipo moyang'anana nafe munakhala gogo wina amene ankakalipa pa foni, chikwama cha ndiwo pamiyendo. Fumie anakufunsani kuti vuto n'chiyani. Inu munati, "Akukalipira mpongozi wawo kuti wachepetsa mchere mu kabichi." Fumie anaseka mpaka misozi. Ine ndinati, "Imeneyi si sitima, ndi msika woyenda." Inu munandiyankha kuti, "Iwe Shigeru, kwanu m'sitima mumakhala ngati mukuperekeza maliro. Munthu atakomoka mungamupemphe kuti akomoke mwakachetechete." Fumie anandigwira pabondo n'kunena kuti, "Bambo, asiyeni. Ine ndakondwa nawo, akumveka kuti ali moyo." Tsiku lonselo ndinayenda nditatupa.

Tsopano ndifike pa tsiku limene Fumie anagwa. Mukudziwa mbali yanu: anakuimbirani muli m'sitima, munayankha pomwepo, ndipo mutamva kuti lilime lake likulemera munaimbira mayi Ogata, amene anaitana ambulansi n'kuthyola chitseko chakumbuyo. Mutafika kuno mawa lake munandifunsa m'khonde la chipatala kuti, "Nanga iwe unali kuti kuti mkazi wako achite kuimbira munthu wa kutsidya kwa nyanja?" Ndisanayankhe munawonjezera kuti, "Kapena ndi sitima zanu zija, pansipo foni siigwira?" Ine ndinangogwedeza mutu. Ndinalola kuti mlandu ugwere sitima.

Achemwali, foni imagwira bwinobwino pansi pathu pano. Inagwira tsiku limenelo.

Ndinali pa ulendo wopita ku chakudya chamasana cha anzanga amene tinapuma nawo ntchito. Sitima inali yodzaza, koma ndinapeza mpando. Foni inanjenjemera m'thumba la jekete. Ndinaitulutsa, ndinaona dzina la Fumie, ndinadula. Inanjenjemeranso. Mnyamata wa suti amene anaima patsogolo panga anandiponyera diso, ndipo ine, kondakitala wakale, ndinachita manyazi. Ndinadulanso n'kulemba uthenga umene aliyense kuno amalemba: "Ndili m'sitima." M'mutu mwanga ndinkati akufuna kundituma tofu wa ndiwo zamadzulo pobwerera. Pa siteshoni yotsatira zitseko zinatseguka. Munthu akafuna kuyankha foni amatsika, n'kuimba ali panja, n'kudikira sitima ina. Imabwera usanamalize n'komwe kupuma. Ine sindinatsike. Ndinaganiza za mpando wanga, ndinaganizanso kuti pakati pa anthu a njanji wofika mochedwa amasekedwa chaka chonse. Ndinafika pa nthawi yake. Pamene ndinkaimba ndili pakhomo la malo odyerawo, anayankha ndi mayi Ogata, kulira kwa ambulansi kukumveka kumbuyo.

Dokotala akuti mwina sizikanasintha kanthu. Mwina. Koma mawu omaliza amene mkazi wanga anatha kulankhula anali anga, anawabweretsa kwa ine poyamba, ndipo ndinawabweza kuti ndisasokoneze anthu osawadziwa amene ankangowodzera. Chisoni chimenechi chikundidya, achemwali. Ndikatsegula foni yake ndimaupeza uthenga wanga uja uli pomwepo, waulemu, wopanda cholakwa chilichonse.

Ndimapita kuchipatala tsiku lililonse pa sitima yomweyo. Ndi yoyerabe, pansi pake mukhoza kuyalapo mphasa. Siinachedwepo. Mawu olengeza aja tsopano ndi a mtsikana wojambulidwa pa makina, koma ndi omwe aja ndinkanena ine, ndipo ndikawamva ndimayang'ana pansi.

Lachinayi lapitali kunachitika zimene ndikufuna mudziwe. Namwino wina wakhala akumuphunzitsa Fumie kudina foni ndi chala chakumanzere. Ine sindinkadziwa. Ndili m'sitima pobwerera kunyumba, foni inanjenjemera, ndipo pagalasi panali dzina lake. Sindinaganize n'komwe. Ndinayankha, ndipo mawu anatuluka aakulu ngati ndikulengeza siteshoni: "Fumie, ndine! Ndikumva, lankhula!" Anthu onse anadzutsa mitu. Kumbali inayo kunkangomveka kupuma, kenaka kaphokoso kapakhosi, kobwerezabwereza. Ndinamuuza kuti ndathirira maluwa ake, kuti mphaka wa mayi Ogata waberekanso, kuti kimuchi wanu watithamangitsa m'nyumba. Ndinalankhula zilizonse zobwera pakamwa kuti asadule.

Mkulu wina wa msinkhu wanga, wachipewa chabwino, anawerama n'kundinong'oneza kuti, "Pepani bambo, muno ndi m'sitima." Ndinamuyang'ana, ndipo ndinaona munthu amene ndamudziwa moyo wanga wonse, ine mwini. Sindinakwiye naye. Ndinangoti, "Ndikudziwa, akulu, ndagwiramo ntchito mpaka imvi. Ndi mkazi wanga uyu." Anasamukira kutsogolo akupukusa mutu. Ine ndinapitirira siteshoni yathu foni ili kukhutu, mpaka namwino anaitenga n'kunena kuti, "Atopa tsopano, koma akumwetulira." Gogo wa kabichi uja akanandiona akanandipatsa malo pambali pake.

Musafulumire kusangalala kuti mwapambana. Pa ukhondo ndi kusunga nthawi sindinagonje, ndipo ogulitsa masokosi m'sitima zanu aja ndikadali nawo mawu. Kungoti mpikisano umenewu sukundikomeranso.

Pempho langa ndi limodzi. Nditakufunsani kuchipatala zimene Fumie ananena, munati, "Anangoti ndiitanireni anthu," n'kutembenukira kuwindo. Ndakudziwani kuyambira ndili mwana. Mukanama mumakanda khutu, ndipo tsiku limenelo munalikanda. Ngati anakuuzani kuti anayamba waimbira ine, ndiye kuti bodza langa mwakhala mukulidziwa nthawi yonseyi, ndipo funso lanu la foni yosagwira linali longondipatsa pobisala. Ngati ndi choncho, zikomo, koma pobisalapo pandikwana. Ndiuzeni zonse monga anazinenera, ngakhale zikhale zondidandaula, ngakhale zikhale mawu osamveka bwino. Mwina sadzalankhulanso, ndipo amene anamva mawu ake omaliza ndinu nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mowa wawo uja ndikuusunga mpaka Fumie atatuluka. Moni kwa ana ndi adzukulu. Mayi Ogata akupereka moni, akuti chaka chamawa muwonjezere tsabola. Fumie ndinamuuza dzulo kuti ndikulemberani, ndipo ndinamufunsa ngati ndiikemo moni wake. Anandifinya chala, ndiye landirani moni umenewo momwe wabwereramo.

Poyankha musavutike ndi kalata. Imbani, nthawi iliyonse imene mwakonzeka. Kulikonse kumene ndidzakhale, ndidzayankha.

Ndine mlongo wanu,
Shigeru