Dzina la Amayi Lili Kumapeto

LOLEMBA

Sisi wa ku labu, 09:14
mwadzuka bwj achimwene. pepani kuvutitsa muli pachisoni. a journal atipatsa mpaka lachisanu kuti olemba tonse tisaine fomu, komanso tiyankhe funso limodzi la reviewer, wounika pepalali. apo ayi pepala lomaliza la aProf alichotsa. mayi anu sanakuuzeni chilichonse?

Mzime, 09:52
tsiku lomaliza kuwaona sitinakambe za pepala asisi. ndinawapeza atakhala tsonga pabedi, magalasi ali pamphuno, akuwerenga lebulo ya drip yawo yomwe. anaitana nesi n'kumufunsa kuti mwana wanga, zolemba izi iweyo ungaziwerenge?

Mzime, 09:53
munthu akupita koma akuchongabe

Mzime, 09:56
ndikutuluka anati mzime, mawa undibweretsere file ya blue ili pa shelefu. ndinati mawa. mawalo ndi lija munandiimbira foni inuyo

Sisi wa ku labu, 10:03
ndikukumbuka. file yo mwaitsegula?

Mzime, 10:04
ayi

Sisi wa ku labu, 10:06
dzina lanu lili poyamba pa pepalali. langa lachiwiri, lawo lomaliza. mumadziwa?

Sisi wa ku labu, 15:40
achimwene?

LACHIWIRI

Mzime, 08:21
dzina langalo lichotseni

Sisi wa ku labu, 08:25
sindingathe. analemba okha

Mzime, 08:31
asisi tisanamizane. ndinalephera pharmacology kawiri. mwana wa Prof wa pharmacy, mayina atawamata pa notice board, anzanga akuloza. ndinasiya koleji ndili chaka chachiwiri. amayi sanandikalipire ngakhale kamodzi, bola akanakalipa. anangondipatsa kope ndi pensulo n'kunditumiza kukakhala pa benchi ya pawindo lolandirira mankhwala miyezi itatu, kuti ndisamagone mpaka masana

Mzime, 08:33
ndiye lero ndikhale first author chfkwa chojambula dzuwa ndi nyali pa maenvulopu a mankhwala? chimenecho ndi chisoni osati research. anthu a ku department aseka mpaka kugwa pampando

Sisi wa ku labu, 08:40
aProf kuchitira munthu chisoni pa authorship? mukunena aProf ake ati? aja anachotsa dzina la dean pa pepala chfkwa sanabwere ku field?

Mzime, 08:41
kkk

Mzime, 08:41
komabe sindisaina

Sisi wa ku labu, 13:10
nkhani ina. a ku koleji akufuna banja lione mndandanda wa mapepala a aProf usanalowe mu pulogalamu ya mwambo wowakumbukira. ndikulowetsa amalume anu muno

Malume alowa m'gulu

Sisi wa ku labu, 13:12
📄 Mapepala a aProf, onse 63

LACHITATU

Malume, 06:48
Moni nonse. Ndawerenga mndandanda wonse ndi magalasi, ndawerenganso kachiwiri. Mayi inu a ku labu, ndiyankheni mwaulemu. Pa mapepala 63, mlongo wanga dzina lake lili KUMAPETO pa mapepala 41. Ndawerenga ndi chala.

Malume, 06:51
Munthu ankadzuka tambala asanalire kuwerenga. Ku ukwati wa mwana wanga anafika mochedwa chifukwa cha ana asukuluwa. Ndiye ana omwewo akhale kutsogolo, iye kumchira ngati wobwera kudzaperekeza? Kodi chifukwa anali mzimayi? Pa mwambowo ndidzapempha maikolofoni.

Sisi wa ku labu, 07:15
amalume pepani, si momwemo. ndifotokoze

Malume, 07:17
Inu musafotokoze, dzina lanu ndaliona kutsogolo kasanu ndi kawiri.

Mzime, 07:44
🎤 uthenga wa mawu, 1:09
"Amalume, maikolofoniyo muisiye kaye. Kuntchito kwa amayi, dzina loyamba ndi la amene anagwira ntchito ndi manja, woyenda m'zipatala, wowerenga mafomu mpaka maso kufiira. Dzina lomaliza ndi la mwini bwalo, amene anaphunzitsa onse ali kutsogolowo, ndipo zikalakwika amene amafunsidwa ndi iyeyo. Malo amenewo anthu amakanganirana, amalume, sapatsa aliyense. Onani mapepala oyambirira aja, amayi ali kutsogolo, anali mtsikana. Kenako akusunthira pakati. Kuyambira pepala la 23 ali kumbuyo mpaka mapeto. Ali kutsogolo pa mapepala makumi anayi ndi limodzi amenewo ndi ana amene anawakankha kuti apite patsogolo. Ena lero ndi malekichala, ena akuyendetsa mafamase a zipatala zikuluzikulu. Sanawabere. Ankakhala kumbuyo dala, ngati mmene ankachitira tikamawoloka msewu."

Malume, 08:20
Ndamva. Ndamveranso ndi azakhali ako.

Malume, 08:22
Ndiye kuti mchirawo ndi mpando?

Mzime, 08:23
ndi mpando amalume

Malume, 08:30
Mayi a ku labu, mundikhululukire. Ukalamba umathamangitsa pakamwa. Koma ndifunse. Mapepala onsewa, ife anthu wamba atithandiza chiyani? Mitu yake ndi Chingerezi chothyola mano.

Sisi wa ku labu, 08:36
palibe vuto amalume 😊 inu mumalandira mankhwala aliwonse?

Malume, 08:39
A BP, mwezi ndi mwezi. Ndipo pawindo paja pali kamtsikana kamwano. Kakandipatsa kamati bambo, bwerezani zimene ndanenazi. Ine munthu wa zidzukulu zisanu ndi chimodzi, kundibwerezetsa ngati ndili sitandade wani.

Sisi wa ku labu, 08:42
amalume, onani pepala nambala 29

Sisi wa ku labu, 08:44
aProf anatsata odwala 900 n'kupeza kuti amene abwereza malangizo ndi pakamwa pawo salakwitsa kamwedwe ngati ongogwedeza mutu. kuchokera pamenepo anaika mu silabasi. wophunzira aliyense wodutsa m'manja mwawo salola wodwala kuchoka pawindo asanabwereze. kamtsikanako ndi ka aProf

Malume, 08:58
Ha! Ndiye zaka zonsezi amene wakhala akundibwerezetsa ndi mlongo wanga? Khalidwe lake lomwe lija la kunyumba. Ankatituma ku golosale n'kunena kuti tanenani, ndakutumani chiyani?

Mzime, 08:59
mpaka chaka chatha ine ankandichita zomwezo

Malume, 09:05
Mwezi wamawa ndikakabwereza mokweza, mzere wonse umve.

Sisi wa ku labu, 09:20
poti mwalowa amalume, ndithandizeni. pali pepala la 64. mphwanuyu ali poyamba koma akukana kusaina. latsala ndi masiku awiri

Mzime, 09:21
asisi zimenezo sizinali za muno

Malume, 09:34
Mphwanga, iwe wemwe wangotiphunzitsa kuti woyamba ndi wogwira ndi manja. Unagwira kapena sunagwire?

Malume, 12:15
Ndikudikira.

Malume, 17:02
Nkhupakupa ziwiri za buluuzo ndikuziona. Wawerenga.

LACHINAYI

Sisi wa ku labu, 08:05
chabwino, za kusaina tisiye. mungondithandiza funso la reviewer, ine sindinaliko ku benchi. akuti mayiko ambiri amajambula mwezi pa envulopu kusonyeza mankhwala a madzulo, nanga ife tinajambuliranji nyali?

Mzime, 10:47
reviewer ameneyo sanakhalepo pa benchi

Mzime, 10:55
🎤 uthenga wa mawu, 1:31
"Mwezi tinayesa, asisi. Ndinajambula wokongola, amayi mpaka anaumata pa fuliji. Patatha sabata kunabwera mayi wina, mwana kumbuyo, mapiritsi a madzulo onse osakhudza. Ndikufunsa, akuti achimwene, mwezi sunatuluke sabata yonse, ndimadikira. Sanalakwe, anatsatira chithunzi changa. Ndinasintha, ndinajambula bedi. Kunabwera bambo wina mlonda, iye amagona seveni koloko m'mawa, ndiye ankamwa a m'mawa ndi a madzulo nthawi imodzi, mutu kuzungulira. Tambala wa m'mawa musanene n'komwe, agogo ena anafunsa ngati ndi mankhwala a chitopa. Ndiye ndinasiya kujambula, ndinangoyamba kufunsa aliyense kuti kukayamba kuda mumachita chiyani. Mlonda, wogulitsa pamsika, mphunzitsi, onse yankho limodzi, timayatsa. Nyali inachokera pamenepo. Ndinayesa pa anthu 212, analakwitsa asanu ndi anayi okha. Mayina awo ndili nawo mu kope."

Sisi wa ku labu, 11:04
ndalemba liwu ndi liwu. yankho ndi limeneli

Sisi wa ku labu, 11:06
ndikuuzeni zoona. aProf atandiika wachiwiri ndinakwiya sabata yathunthu, ndinali ndi PhD yofuna mapepala. anandifunsa funso lomweli la nyali mu ofesi mwawo. ndinalephera. anati ndiye ukudziwa malo ako

Malume, 11:30
Mphwanga, za file ya blue ija mayi ako anandiuzanso ine. Itsegule.

Mzime, 16:12
📷 chithunzi

Mzime, 16:14
tsamba loyamba, inki yawo yofiira ija. alemba mayina atatu, aliyense ndi ntchito yake. pa ine alemba kuti: zithunzi 14, odwala 212, nyali ndi nzeru yake, ine ndinkaumirira mwezi ndipo ndinalakwa

Mzime, 16:15
amayi kulemba kuti ndinalakwa. asisi munaonapo?

Sisi wa ku labu, 16:16
zaka naini, ayi ndithu

Mzime, 16:20
pansi pake alemba kuti akakana, mumuuze abwereze zimene ndalembazi

Mzime, 16:21
akanangondiuza pakamwa. ndinali pomwepo pambali pa bedi. ine ndi mawa langa lija

Malume, 16:40
Sankadziwa kuyamika ndi pakamwa, tonse tinakula choncho. Koma analemba. Bwereza, mphwanga.

Mzime, 16:58
🎤 uthenga wa mawu, 0:07
"Nyali ndi nzeru yanga."

LACHISANU

Mzime, 07:36
📄 fomu, yosainidwa

Mzime, 07:37
pa affiliation ndilembe chani? sindili pa koleji iliyonse

Sisi wa ku labu, 07:40
independent researcher

Mzime, 07:41
kkkk ulova wavala suti

Malume, 07:49
Suti yomweyo udzavale ku mwambo. Maikolofoni ndidzapemphabe, koma ndidzanena zina. Ndidzawerenga onse 64.

Sisi wa ku labu, 09:02
zapita, alandira. aProf ali kumapeto, pamalo pawo

Sisi wa ku labu, 09:05
chatsala chimodzi achimwene, pepani. a journal amaika kamtanda pambali pa dzina la wolemba amene watisiya, ndi tsiku lake m'munsi mwa tsamba. ndikulidziwa, koma amatumiza ndi first author

Mzime, 09:31
14 Malichi 2024