Tabua ya Sakiusa

Suva
9 Novembala 2019

Okondedwa achimwene Ilaitia,

M'kabati ya mu ofesi yanga muli tabua, dzino la namgumi la mwambo wathu, yokulungidwa m'nsalu ya patebulo. Ndinailandira dzulo masana pamaso pa anthu makumi anayi. Ndikhulupirira muli bwino ku Savusavu pamodzi ndi alamu. Ndili ndi pempho, koma mumve kaye nkhani yake.

Dzulo kunali mayeso a ophunzira zisudzo a chaka chomaliza. Oyesa tinali awiri, ine ndi mphunzitsi mnzanga Kamlesh. Womaliza kuonetsa anali Sakiusa wa ku Ra, amene ndinamulepheretsa chaka chatha chifukwa chosapereka ntchito. Akalepheranso amuchotsa sukulu, ndipo iye akudziwa.

Sewero lake linalibe nsanja kapena mipando. Anatikhazika pamikeka m'chipinda chosungiramo katundu, osewera anayi n'kumayenda pakati pathu atabereka zitseko zakale, osayankhula kwa mphindi khumi. Kamlesh anandinong'oneza kuti, "Achemwali, ndi sewero limeneli kapena akusamuka?" Pang'onopang'ono nkhani inaoneka: mwana amene anathawa kumudzi nyanja italowa m'manda a kwawo wabwera kudzapepesa kwa amayi ake. Koma wosewera mbali ya mayiyo panalibe.

Kenako Sakiusa anayenda chogwada mpaka pamene ndinakhala, n'kutulutsa dzino la namgumi lija pachingwe chake. Ananena mawu onse a mwambo osaphonya ngakhale amodzi, ndipo pomaliza anati, "Amayi, mundikhululukire zakale, munditsegulire njira ndimalize ulendo wanga."

Achimwene, manja anga anapita okha. Panalibe mwamuna wondiyankhulira, choncho ndinayankha ndekha monga ankayankhira bambo, anthu n'kuwomba m'manja. Inu mukudziwa kuti wolandira tabua walandira ndi pempho lomwe.

Nditatuluka ndinayamba kufufuza. Pa dongosolo limene anapereka mu Seputembala analemba kuti adzagwiritsa ntchito dzino losema pamtengo. Ili ndi lenileni, lolemera, lofiirira ndi utsi wa zaka zambiri. Analembanso kuti mayi adzakhala aliyense mwa owonera, koma mkeka wanga unali ndi dzina langa, moyang'anizana ndi khomo limene iye analowera. Mtsikana wina wa m'sewerolo anandiuza kuti pokonzekera Sakiusa ankagwadira mpando wopanda munthu, ndipo anzakewo dzinolo analiona koyamba dzulo lomwelo. Mwini wake nditamupeza anati zonse zinali za m'sewero. Nditamutambasulira dzinolo, anabisa manja kumbuyo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, chinthu chimenechi sabwezera pakhonde." Munthu amene amati ndi sewero chabe sayankha choncho.

Kamlesh wamupatsa malikisi 40 ndipo akufuna kukamunenera kwa akuluakulu. Akundiseka kuti zaka makumi awiri zowerenga mabuku zagonja kwa dzino limodzi la nsomba. Ndamupempha adikire mpaka Lachisanu, tsiku lopereka malikisi.

Pali chimene sindinamuonetse. Ndikamayesa ndimalemba nthawi pambali pa ndemanga iliyonse. Pepala langa likuti pa 3:22 ndinalemba 72. Sakiusa anagwada pa 3:31. Ndiye kuti anali atakhoza kale ndi zitseko zake zija, ndipo ngati analinga kundimanga, anamanga munthu amene anali atavomera. Koma ndikapereka 72 lero, palibe adzakhulupirire pepala langalo. Adzati ndi malikisi a dzino, ndipo iyenso adzaganiza choncho moyo wake wonse.

Pempho langa ndi ili. M'bokosi la bambo muli tabua yaikulu ija. Munditumizire pa sitima ya Lolemba, muipereke m'manja mwa munthu amene mumamudziwa. Ndikufuna kubweza ya Sakiusa pamodzi ndi yathuyo, monga achitira akuluakulu pomasula pempho popanda kuchititsa banja la eni manyazi. Ndikudziwa kuti mumaisungira ukwati wa mwana wanu Peceli. Sindikanapempha pakanakhala njira ina.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Ngati mukapite kumanda kwa amayi mwezi uno, mukaoneko ngati madzi a nyanja afika pamwala wa pamandapo. Zaka zinayi sindinabwere, ndipo dzulo zitseko zikudutsa pafupi nane ndinasiya kulemba kwa mphindi zisanu ndi zinayi. Papepala pali mpata.

Sitima ifika Lachiwiri. Lachinayi ndipita ku Nasinu kwa amalume ake a Sakiusa, ndi msuweni wathu Apenisa wondiyankhulira. Lachisanu m'mawa ndikapereka 72.

Ndine mlongo wanu,
Vasemaca