Zainabu Akukana Chakudya

Bambo a Zainabu,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kwa Mponda tilipo, koma Zainabu sali bwino. Ramazani idatha kalekale, iye akusalabe kudya, mpaka yunifolomu ikumukulira.

Lachiwiri anakomoka kusukulu. Kuchipatala aphungu anatikhazika pamodzi n'kumufunsa mmene zinayambira. Iye anati, "Abambo ataona chithunzi changa anaseka, amati ndanenepa ngati ntchembere."

Aphunguwo akuti ndi matenda ndithu, tisamukalipire, tizidya naye limodzi. Dzulo anameza masupuni awiri a phala akulira.

Chonde muimbireni foni tisanabwerere kuchipatala Lachisanu. Mawu anga sakuwamvanso, mwina anu awamva.

Allah akusungeni.

Ine mkazi wanu,
Patuma