Usatsike pa Jenda

Mzimba Boma
21 Okutobala 2018

Wokondedwa mlongo wanga Kalebe,

Choyamba ndifunse za moyo wako. Uli bwanji ku Joni kumeneko? Chifuwa chija chinakusiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa la chaka chino lanyanya.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni sundipatsa mpata. Lamulungu lija unangokalipa kuti ndachititsa manyazi banja lonse la a Ziba, kenako n'kudula. Wamva mbali ya adada Justus, amene atilera chimwalirireni mng'ono wawo, bambo athu. Tsono khala pansi umve mbali yanga, ndipo ndikuuziretu kuti sindipepesa.

Iwe unali ndi zaka zinayi, ine zisanu ndi zitatu, pamene bambo anamwalira ku Chikangawa komwe ankacheka matabwa. Abale anatitengera kumudzi ku Champhira, ati ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, ana ndi akuchimuna. Amayi, Mchewa wa ku Dowa, sitinawaonenso. Tinakula tikuuzidwa kuti anatithawa, ndipo ine ndinakhulupirira mpaka kudana ndi dzina lawo.

Zinthu zinasinthira ku Arizona, ku Amereka, pa koleji ya anthu a mtundu wa Anavaho ija ndinakaphunzira zachuma ndi zauphunzitsi. Anthu amene aja munthu akamadzidziwitsa amatchula mifunda inayi, ndipo woyamba ndi wa amayi ake. Wa bambo umabwera pambuyo.

Tsiku loyamba m'kalasi aliyense anaimirira n'kutchula yake. Itakwana nthawi yanga ndinati ndine Nesta Ziba, n'kukhala pansi monyadira. Mphunzitsi wathu, mayi wa imvi, anandifunsa mofatsa kuti nanga amene anandibereka ndi a mfunda wanji. Kalebe, sindinkadziwa. Chimunthu chachikulu, chokwera ndege mpaka kutsidya kwa nyanja, osadziwa mfunda wa amayi ake! Palibe anaseka, koma bola akanaseka.

Chaka chachiwiri, m'phunziro la zachuma, anatiuza kuti aliyense alembe mmene banja lakwawo linkapezera chakudya. Ine ndinalemba za ntchito ya bambo basi. Pepala linabwerera lili ndi funso limodzi: kodi m'nyumbamo munalibe wina wogwira ntchito?

M'pamene ndinakumbukira. Nthawi ya dzinja amayi ankalawirira m'nkhalango ya paini kukazula bowa, iwe uli kumsana, mame atawanyowetsa mpaka m'chiuno. Masana ankakhala m'mbali mwa msewu ndi beseni, kuthamangira galimoto iliyonse yoima. Nsapato zanga zoyamba zinachokera m'beseni limenelo. Ndinayamba kudzifunsa ngati mayi wotero angadzuke tsiku lina n'kungosiya ana ake, ndipo funsolo silinandipatsenso mtendere.

Nditabwerako mu Ogasiti sindinafikire kumudzi. Ndinapita ku Dowa, kufunsa m'misika ndi m'matchalitchi za mayi wotchedwa Esme amene anakwatiwapo ku Chikangawa. Tsiku lachisanu ndinawapeza kufupi ndi Mponela, akugulitsa tomato. Ndisanayankhule kanthu anataya mbale, ati andizindikirira mpata wam'manowu.

Amayi sanatithawe. Akuti atangoika maliro a bambo, anawakweza lole ya matabwa ndi kachikwama kamodzi. Anabwera ku Champhira katatu kudzatiwona, ndipo katatu konseko anawabwezera kunjira ife tili kusukulu. Mfunda wawo ndi Nkhoma. Uloweze bwino, chifukwa ndi wakonso.

Tsono za phwando lija. Adada anapha ng'ombe, naitana mudzi wonse kuti uone mwana wawo wochokera ku Amereka. Ine ndinafika nditagwira amayi padzanja. Atandipatsa mpata woyankhula ndinachita zomwe ndinalephera m'kalasi muja. Ndinati ndine Nesta, wobadwa kwa Esme Nankhoma amene akhala apawa, ndipo bambo anga ndi malemu a Ziba. Mwano umene wamvawo ndi umenewu, palibenso wina.

Adada anaimirira, nati ngati sukulu yandiphunzitsa zimenezi mbwenu ndinyamule mlendo wangayo ndizipita. Ati ndisadzapondenso pakhomo pawo, ngakhale maliro anga asadzawaone. Ndinagwada n'kuwauza kuti yewo chomene chifukwa chondilera, ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima. Koma ndinawauzanso kuti amene akumutcha mlendoyo anandinyamula miyezi isanu ndi inayi, ndipo palibe ng'ombe ingafafanize zimenezo.

Tili panjira, ankhazi Felesta, mlongo wawo wa adada, anatithamangira ndi nyama yokulunga m'pepala. Anagwada pafumbi n'kupereka moni kwa amayi, kuwatchula kuti mulamu. Anapempha kuti ndapota, musatiwerengere tonse. Choncho usaganize kuti mudzi wonse uli mbali imodzi.

Sindikubisira, zikundiwawa. Kumene kuja ndi kwathu, manda a bambo ali komweko, ndipo mwina sindidzawaonanso. Koma ntchito ya kubanki ku Lilongwe imene adada ankandifunira ndaikana, ndipo ndayamba kuphunzitsa pa sekondale ina pano paboma. Ndapeza nyumba ya zipinda ziwiri. China ndi changa, china ndi cha amayi, ndipo wofuna kuwachotsa ayambe wachotsa ine.

Ukudziwa chomwe amayi anandifunsa choyamba za iwe? Sanafunse ntchito yako kapena ngati unakwatira. Anafunsa ngati Kalebe akadali wamanzere. Akuti unkadyera dzanja lamanzere, anthu n'kumadandaula, koma iwo ankakusiya chifukwa unabadwa choncho. Ndinalephera kuwauza kuti kumudzi ankakumanga dzanjalo ndi luzi nthawi ya chakudya mpaka unazolowera lamanja. Ndinangoti adzakuona okha.

Unanena kuti ubwera pa Khirisimasi. Basi ya ku Joni imayamba kuima pa Jenda, kufupi ndi kumudzi, ndipo ndikudziwa kuti adada adzakhala akukudikira pamenepo. Sindikuti udane nawo. Udzapita kukawaona, ndi makolo ako. Koma iwo akhala akukuona kwa zaka makumi awiri, pamene mayi ako anakuona komaliza uli ndi kamalaya kopanda kabudula. Tsiku limenelo usatsike pa Jenda. Udzapitirire mpaka paboma, udzatipeza padepoti.

Ukatsika pa Jenda sindidzakukalipira. Koma amayi udzawauza wekha chifukwa chake, ine sindidzakunamizira.

Undiperekere moni kwa a Kingstone ndi anyamata onse akwathu amene ukukhala nawo. Ambuye akusunge pantchito ndi paulendo. Amayi akuti sadziwa kulemba, ndiye adinda chala pansipa. Asankha chamanzere.

Ndine mlongo wako,
Nesta, mwana wa Nankhoma ndi Ziba