Dzina la Bernardina pa Sedula ya Delfina

Majaua, Milange
9 Malichi 1998

Wokondedwa mwana wanga Delfina,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi azakhali ako a Adelina ku Mulanjeko. Kuno tadzuka. Amayi ako mwendo uja ukuwavutabe, koma kumunda akupita. Nyumba tamaliza kufolera.

Kalata yako inafika Lachitatu, ndipo ndaiwerenga kanayi. Tathokoza Mulungu kuti wakhoza bwino Fomu 4, makamaka masamu, Chingerezi ndi sayansi, zimene ukuti a kusukulu ya udokotala ku Blantyre amayang'ana poyamba. Ndamvanso kuti popeza ndiwe wa ku Mozambique ukalembetsa ngati mlendo, ndiye akufuna pasipoti ndi sedula, chikalata chako chobadwira, Epulo asanathe. Pamene pandisowetsa mtendere ndi paja walemba kuti dzina ndi chaka chobadwa zifanane pa mapepala onse, ngakhale chilembo chimodzi chisasiyane.

Mwanawe, sedula yako sindinaitaye. Ili m'chitini, yokulunga m'mapulasitiki awiri, chiswe sichinaikhudze. Koma ilibe dzina lako.

Titabwerako kukampu ya othawa nkhondo mu 1994, iwe utatsala kwa azakhali ako chifukwa cha sukulu, ndinapita ku Rejisito, ofesi ya kalembera ku Milange, kukalembetsa ana nonse. Mlembi anati mwana aliyense akhale ndi pepala. Khadi lako la kusikelo linapsera m'nyumba nthawi ya nkhondo. Limene ndinali nalo ndi khadi la ubatizo la mkulu wako Bernardina, uja anatisiya panjira tikuthawa, tisanawoloke Ruo. Mzere unali wautali, mlembi ankalankhula Chipwitikizi mothamanga, ndipo anthu ankati mwana wopanda sedula boma lidzamuyesa Mmalawi. Ndinachita mantha. Ndinapereka khadi la malemu.

Tsono kuno ndiwe Bernardina José, wobadwa mu 1976. Pa satifiketi yako ya ku Malawi ndiwe Delfina Yosefe, wobadwa mu 1979.

Loweruka ndinapalasa njinga kukafunsa a Mikayeli, akatekisi athu, poti iwo amadziwa za maofesi. Anati za José ndi Yosefe si nkhani, kalata ya abambo mfumu ikhoza kufotokoza kuti ndi munthu mmodzi. Koma nditawauza za Bernardina anangogwira pakamwa. Kenako anati ndikaonekere ndekha ku Rejisito ndi mboni ziwiri, ndikavomere kuti ndinanamiza boma. Sakudziwa ngati akandikhululukira kapena akanditsekera. Anatinso mapepala akhoza kupita mpaka ku Quelimane, ndipo palibe angalonjeze tsiku lobwerako.

Wina kumsika anandiuza kuti ungokhala Bernardina mpaka kalekale, kapena azakhali ako akulembetse ngati mwana wawo. Ndakana. Bodza limodzi landikwana. Dokotala amasayina dzina lake tsiku ndi tsiku pa mapepala a odwala, ndiye sindikufuna udzasayine la munthu wakufa.

Ndikukupempha, usatumize fomu iliyonse usanamve kwa ine. Pita kwa ahedi akulembere kalata yoti amakudziwa ngati Delfina kuyambira Fomu 1, aidinde bwinobwino. Ubwere nayo Lolemba pa 16, ndikakudikira pa chipata cha Muloza kuyambira m'mawa. Ufunsenso ku Blantyre, mwaulemu, ngati angadikire pasipoti ikachedwa. Chaka chino chikakupita chifukwa cha ine, undikhululukire, mwana wanga.

Amayi ako sakudziwa kanthu. Ndiwauza lero, chifukwa mboni yoyamba ndi iwowo. A Mikayeli akuti sedula yako singatuluke pokhapokha ya Bernardina itatsekedwa ndi chikalata cha imfa. Zaka khumi ndi ziwiri zapita, boma sitinaliuzepo kuti mwanayo anamwalira. Lolemba lomwelo tikaliuza, ndipo akatifunsa malo amene tinamuika. Ine ndikungokumbukira mtengo wa mango pafupi ndi mtsinje.

Mulungu akusunge ndi kukutsegulira njira. Undiperekere moni kwa azakhali ako ndi ana onse pakhomopo.

Ndine bambo ako,
José