Kansalu Kakuda Kuseri kwa Rediyeta

Lachinayi, mwezi wa Juni, chaka chachiwiri cha matipate. Tsiku lozizira, ndipo mutu wanga sukugwira.

Pikapu ija ndinagula ku Luwani, anthu a ku Mozambiki akubwerera kwawo, yayamba kulira kuti go-go-go mu injini. Mawa m'mamawa iyenera kutsika ndi manachesi a anthu kupita ku Blantyre, apo ayi awolera pakhomo panga.

Ndinagunditsa sikuludiraiva pa injini, chigwiriro kukhutu, monga ndimachitira. Mavavu ali bwino, fanibeluti ndi yolimba, oilo ngwokwanira. Umakaniko sindinaphunzire kusukulu ine, koma injini sinandinamizepo.

Kenako kuseri kwa rediyeta ndinapeza kansalu kakuda kosoka, kolimba ngati mwala, komangidwa ndi waya. Alamu anga a Fulaye, amene amangoonerera manja ali m'thumba, anati, "Alamu, chithumwa cha mwini wake wakale icho. Chisiyeni, n'chimene chimayendetsa galimotoyi."

Ndinawauza mosapsatira kuti galimoto imayendera petulo, osati zopusazo. Ndinadula waya n'kuponya zonse kutchire.

Nditaliza injini, phokoso lija zii. Ndinawaseka alamuwo. Nditazimitsa n'kuyesanso, injini nayonso zii. Mpaka dzuwa kupendeka, ngakhale kutsokomola kokha ayi.

Kodi kansaluko n'kamene kamagunda? Nanga wayayo amagwiranso china chimene sindinachione? Kapena alamu akunena zoona? Ayi, zimenezo ayi.

Iwo pochoka anangoti, "Kagwera cha kuchulu uko, alamu."

Ndipita ndikayang'ane kusanade. Ine ndikufuna waya wanga basi. Koma ndikakapeza kadakali komangirira kuwayako, eti...