Sipuling'i ya Tafika ndi Chitseko cha Wapampando

KOMITI YA GALIMOTO YA ODWALA, ESITETI YA NAMILONJE
Msonkhano wa Lachiwiri, 17 Juni 1958, m'chipinda chakuseri kwa sitolo ya feteleza, 4 koloko madzulo.

Opezeka: a Gideoni Nakhumwa (Wapampando, kapitawo wamkulu), a Dixon Muhiwa (Mlembi), Mayi Tabita Nampinga (mzamba), a Yesaya Mukhuna (makaniko wa ku fakitale). Oitanidwa kudzayankha mlandu: a Bizwick Namaona, dalaivala.
Osapezeka: a Eliya Makwinja, ali ku maliro ku Goliati.

1. Pemphero
Anapemphera ndi Wapampando. Linatalika.

2. Chitseko
Wapampando anakumbutsa komiti kuti chitseko cha chipinda chino chinkangotseguka ndi mphepo ya chiperoni, mbuzi n'kumalowa, koma tsopano chimadzitseka chokha chifukwa cha nzeru zawo. Anachitsegula katatu kuti tione. Anapempha kuti mawu othokoza alembedwe, ndipo ndi awa ndalembawa.

3. Kulira kwa Tafika
Wapampando anati galimoto yathu Tafika, imene antchito anagula kwa bwana wopuma kuti izinyamula odwala, yatha milungu itatu ikubangula ngakhale itangoima, ndipo akailowetsa giya imadumpha ngati mwana wa ng'ombe. Asisitala a ku chipatala cha mishoni analetsa kuti isamaime pafupi ndi chipinda cha ana. Wapampando anati vuto ndi phazi la a Bizwick, amene amaponda dala kuti azimayi othyola tiyi acheuke, komanso amayendetsa atavula nsapato ya kumanja, zomwe ndi chipongwe kwa komiti imene inawagulira nsapatozo. Anapempha kuti a Bizwick achotsedwe ntchito, atuluke m'nyumba ya ku laini pofika Loweruka.

A Bizwick anati nsapatoyo amavula kuti azikoka pedulo ya mafuta ndi chala chachikulu, chifukwa akaiponda siyibwerera yokha. Anaonetsa chalacho. Mayi Tabita atachiyang'ana anati n'chotupa ndithu, ndipo palibe mwamuna angafunsire mkazi ndi chala chotero. Atafunsa chifukwa chimene a Bizwick sanasuzumire mu injini, a Bizwick anayankha kuti boneti ili ndi loko, ndipo kiyi amasunga Wapampando okha kuchokera chaka chatha, poopa akuba.

A Yesaya anapempha kiyiyo. Wapampando anati palibe chifukwa chovutitsira chitsulo pamene wolakwa wakhala pomwepa. Pa voti, pempho la a Yesaya linapambana atatu kwa mmodzi, Mlembi atakweza dzanja mochedwerapo. Komiti inatuluka panja.

4. Zimene a Yesaya anachita
Analiza injini, agalu a ku laini n'kuyankha. Anaona kaye choko cha injini ngati chakanirira, n'kupeza chili bwino. Anamasula kasikuluwu ka kabuleta kochepetsera liwiro mpaka kanatsala pang'ono kugwa, koma Tafika sanamve. Anadonthezera oyilo m'mbali mwa kabuleta kuti aone ngati ikuba mpweya, osasintha kanthu. Apa Wapampando anati, "Mwaonatu, ndi phazi," ngakhale kuti a Bizwick anali ataima patali, pansi pa bulugamu.

Kenaka a Yesaya anakankha ndi chala kachitsulo kotsegulira mafuta, ndipo injini inatsika mawu mpaka tinamva belu la ku fakitale. Atachotsa chala inabangulanso. Anati pamenepo pamayenera kukhala masipuling'i awiri obwezera kachitsuloko, koma yatsala yaing'ono yokha, imene ilibe mphamvu. Yaikulu, yotalika ngati chikhatho, yopaka utoto wobiriwira, munthu anachita kuichotsa ndi pulayala.

Wapampando anati kwayamba kuzizira, tibwerere m'kati.

5. Kupezeka kwa sipuling'i
Titalowa, chitseko chinadzitseka chokha monga mwa mfundo yachiwiri. A Yesaya anachitsegula, chinadzitsekanso. Anayang'ana pamwamba pake nthawi yaitali, kenaka anafunsa Mlembi kuti chinthu chimene chakhomedwa apocho ndi cha mtundu wanji. Mlembi sanafune kulowerera, koma maso ali nawo: ndi chobiriwira.

Poyamba Wapampando anati sipuling'iyo anaitola pamsewu wa ku Khwethemule. Atakumbutsidwa kuti ndi mkulu wa mpingo, anati anaitola mu injini. Anati anaona ziwiri zikugwira ntchito imodzi, ndipo iwo monga kapitawo sangalole anthu awiri pa mzere umodzi wa tiyi. Mayi Tabita anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, koma uyu ndiye tamuona mchira. Wapampando anapempha kuti mawu amenewa asalembedwe.

A Yesaya anazula misomali, n'kukabwezera sipuling'iyo pamalo pake. Tafika analira pang'onopang'ono mwaulemu. A Bizwick anavala nsapato.

6. Zogwirizana
Kuti a Bizwick apitirize ntchito ndi kukhala m'nyumba yawo. Kuti kiyi ya boneti azisunga iwowo. Pempho la Wapampando loti mfundo yachiwiri ifafanizidwe linakanika, poti inki inali itauma.

7. Zina ndi zina
Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, a Bizwick anati alibe chidani, koma mtima unawawawa kwambiri, chifukwa chala chomwechi ndicho chinafikitsa mdzukulu wa Wapampando ku chipatala Lachinayi lapitali osagwera m'ngalande. Anapempha kutuluka msanga, poti akazi awo a Salome anamanga kale katundu dzulo ndipo akhala pa mtolo kudikira yankho. Analoledwa. Wapampando anaimirira n'kuwatsegulira chitseko, chimene sichinadzitsekenso.

Msonkhano wina udzakhala Lachiwiri, 15 Julaye, malo omwewa. Uno unatha 5:40 madzulo, Wapampando atakhala pakhomo, phazi lawo la kumanja litatsekereza chitseko chifukwa cha chiperoni. Anati chala chayamba kuwawa. Mayi Tabita anawauza kuti chimazolowera pakatha milungu itatu.

G. Nakhumwa, Wapampando
D. Muhiwa, Mlembi